LUSO LA OPHUNZIRA LISATHERE PA CHIONETSERO

Chaka ndi chaka, maphunziro akamafika kumapeto, sukulu za ukachenjede ndi makoleji a zaulimi m'chigawo chathu chino amakonza tsiku la chionetsero. Ophunzira a chaka chomaliza amayala poyera zimene akhala akupanga: makina otong'olera chimanga, choumitsira ndiwo zamasamba ndi dzuwa, mbaula yosatha nkhuni, pampu yothirira m'dimba, ndipo masiku ano ngakhale kapulogalamu ka pa foni kozindikira matenda a chinangwa. Alendo olemekezeka amazungulira, nafunsa funso limodzi kapena awiri, naomba m'manja. Aphunzitsi amalemba malikisi. Kenaka wophunzira amavala mkanjo wake, nalandira digiri, napita kukasaka ntchito m'tauni.

Amene mwa ife anabwererapo ku sukulu yake yakale adziwa kumene makinawo amakathera. Ine ndinawaona kuseri kwa nyumba yosuliramo zitsulo pa koleji ina imene sindiitchula dzina: mulu wa zitsulo za dzimbiri, udzu utamera pakati pake, mavu atamanga zisa m'kati mwa chotong'olera chimanga. Mlonda amene ankandiperekeza anati muluwo umakula chaka chilichonse. Nditabwerera ku dera limene ndimagwirako ntchito, ndinapeza amayi atakhala pamphasa, akuswa mtedza ndi zala monga ankachitira agogo awo.

Maganizo anga pa nkhaniyi ndi awa. Ntchito ya wophunzira iyenera kuyambira pa funso lochokera kwa alimi, lodzera mwa mlangizi wa dera. Ndipo isawerengedwe kuti yatha kufikira chipangizocho chitagwira ntchito m'mudzi kwa nyengo yathunthu, chitaonongeka, ndi kukonzedwa ndi mmisiri wa komweko. Mphunzitsi achonge masamu ndi zojambula, koma liu lomaliza likhale la mlimi. Nkhaniyi ikutikhudza tonse, kaya tili ku Mchinji, ku Katete, ku Angónia kapena ku Mutoko, pakuti nthaka yathu, mbeu zathu ndi mavuto athu sizidziwa malire a maiko.

FUNSO LIMACHOKERA KUTI?

Tikafufuza chifukwa chimene makina ambiri amafera pa koleji, tipeza kuti nthendayo imayamba pa tsiku losankha mutu. Wophunzira amapatsidwa mndandanda wa mitu imene mphunzitsi walemba ali mu ofesi, kapena amakopera chimene waona pa intaneti, chopangidwira mlimi wa ku India kapena ku Brazil. Motero amayamba ali ndi yankho m'manja, n'kumasaka vuto loti aligwirizanitse nalo. Mlimi amakumana naye kumapeto, ngati akumana naye n'komwe, ndipo amaitanidwa kudzayamikira, osati kudzaweruza.

Tisawadzudzule kwambiri anawa, chifukwa akuluakulu a kafukufuku anagweranso m'mbuna yomweyo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, akatswiri a ku France ndi ku Britain anapanga chipangizo cha matayala awiri chokokedwa ndi ng'ombe, chimene munthu ankatha kumangirirapo pulawo, chobzalira kapena chopalira, ngakhalenso kuchisandutsa ngolo. Chinayesedwa ku Senegal, ku India, ku Botswana ndi m'maiko ena ambiri, ndipo pa malo a kafukufuku chinkagwira ntchito mokoma. Kwa zaka pafupifupi 30 anachikonza ndi kuchikonzanso. Koma m'chaka cha 1988 Paul Starkey, atalondola mbiri yake yonse, analemba buku losonyeza kuti pa zipangizo pafupifupi 10,000 zimene zinapangidwa, n'zochepa kwambiri zimene alimi anapitiriza kulimira. Zambiri anangozisandutsa ngolo, zina anazitaya. Zifukwa zake mlangizi aliyense akanazinena pa tsiku loyamba: mtengo unali wokwera, chinali cholemera kwa ng'ombe zoonda za kumapeto kwa chilimwe, chinkakodwa pa zitsa, ndipo tayala limodzi likaphulika mlimi ankasowa pulawo, chopalira ndi ngolo nthawi imodzi.

Yerekezani ndi khasu long'ambira nthaka la Magoye, lotchedwa ndi dzina la malo a kafukufuku a m'chigawo cha kummwera kwa Zambia. Amene analipanga sanauze mlimi kuti ataye pulawo yake. Mlimi amangomasula khasu lotembenuza nthaka, namangirira latsopanolo pa pulawo yomweyo imene ali nayo kale. N'chifukwa chake linapeza malo m'minda ya ulimi wa mleranthaka ku Zambia ndi m'maiko oyandikana nalo.

Phunziro lomweli tinaliona pa chimanga. Kwa zaka zambiri alimi a ku Malawi ankakana kubzala chimanga cha hayibulidi cha maso ofewa kuti chikhale chakudya cha pakhomo, ngakhale chinkabereka kwambiri, ndipo ena ankawanena kuti ndi osamva za chitukuko. Chonsecho amayi ankanena zoona. Chimanga chofewacho chinkanyenyeka mumtondo pokonola, ufa wambiri n'kupita ndi gaga, ndiponso chinkafumbwa msanga m'nkhokwe. Akatswiri a ku Chitedze atamvera dandaulolo anatulutsa MH17 ndi MH18 m'chaka cha 1990, mbeu za maso olimbirapo zokonoka bwino, ndipo alimi anazilandira. Funso loyenera linachokera pa mtondo.

PAMENE OPHUNZIRA ANATULUKA M'KALASI

Alipo amene anganene kuti ntchito ya wophunzira ndi yophunzirirapo chabe, ndipo sitiyenera kuyembekezera zambiri kwa iye. Mbiri ikuwatsutsa. Chitsanzo choyamba ndichitenga ku chipatala, koma phunziro lake n'lofunika kumunda.

Ana obadwa masiku asanakwane amavutika kupuma chifukwa mapapo awo amakhala asanakhwime. Makina owathandiza, opopera mpweya pang'onopang'ono m'mphuno kuti mapapo asafote, ankagulidwa madola zikwi zingapo, mtengo umene zipatala zathu sizikanaukwanitsa. Aphunzitsi a pa yunivesite ya Rice ku Texas, m'dziko la America, anamva za vutoli kwa madokotala ndi anamwino a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, naliika m'manja mwa ophunzira awo. M'chaka cha 2010 gulu la ophunzira a chaka chomaliza linapanga makina otsika mtengo, pogwiritsa ntchito timapampu topopera mpweya m'madzi oweteramo nsomba za m'nyumba, ndi botolo la madzi loyezera mphamvu ya mpweyawo. Ntchitoyo sinathere pa mayeso. Mmodzi wa ophunzirawo, Jocelyn Brown, anapita ku Blantyre kukagwira ntchito limodzi ndi anamwino m'chipinda cha ana, ndipo makinawo anasinthidwa kangapo potsatira madandaulo a owagwiritsa ntchito. Zotsatira zofalitsidwa m'chaka cha 2014 zinaonetsa kuti pa ana 100 alionse ovutika kwambiri kupuma, 71 anapulumuka atathandizidwa ndi makinawa, poyerekeza ndi 44 mwa amene analandira mpweya wa okosijeni wokha. Makinawo anapatsidwa dzina lakuti Pumani, ndipo anagawidwa m'zipatala za boma m'dziko lonse la Malawi. Atafika m'maboma kunatulukanso phunziro lina, lakuti makina okha sapulumutsa mwana amene wazizidwa, kapena pamene namwino sanaphunzitsidwe, kapena pamene palibe wowakonza. M'chaka cha 2016 pa Polytechnic ya ku Blantyre, imene tsopano ndi MUBAS, panatsegulidwa chipinda chopangiramo zida kuti ophunzira a ku Malawi komweko azichita ntchito yotere.

Taonani zinthu zitatu zimene zinapulumutsa makina amenewa ku mulu wa dzimbiri. Funso linachokera kwa ogwira ntchito. Panali wina amene anatsala nawo mayeso atatha. Ndipo anayesedwa moona mtima, powerenga amoyo ndi akufa omwe.

Chitsanzo chachiwiri chikukhudza chigayo. Amy Smith anakhala zaka zinayi ku Botswana m'zaka za m'ma 1980 asanabwerere kukapitiriza maphunziro a uinjiniya pa sukulu ya MIT ku America. Aliyense wodziwa chigayo adziwa kuti sefa ndiye amang'ambika kawirikawiri, ndipo watsopano amachokera kutali. Akang'ambika, mudzi wonse umabwerera ku mtondo. Mayi Smith anapanga chigayo chopanda sefa, cholekanitsa ufa ndi misere pogwiritsa ntchito mphepo, ndipo ntchitoyi inali imodzi mwa zimene zinawapezetsa mphotho ya ophunzira aluso m'chaka cha 2000. Chimene ndikufuna tione ndi kumene maso awo anayang'ana: pa kachitsulo kamene kamaimitsa ntchito kakathyoka. Diso lotere munthu salipeza m'buku ayi, amalipeza atakhala m'mudzi. M'chaka cha 2002 mayiwa anayambitsa D-Lab, ndipo m'chaka cha 2013 msonkhano wa opanga zida umene iwo anauyambitsa unachitikira ku Lusaka, kumene ophunzira, amisiri ndi alimi anakhala pamodzi kwa masabata angapo akupanga zida limodzi.

Chitsanzo chachitatu n'cha mnyamata amene analibe koleji. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, pafupi ndi Wimbe m'boma la Kasungu, anasiyira sukulu panjira chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Ali ndi zaka 14, atawerenga buku la m'kanyumba kobwerekera mabuku, anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, mapaipi a pulasitiki, ziwalo za njinga ndi chopemerera cha thirakitala yakale. Makinawo anaima pakhomo pawo kuyambira 2002, koma mbiri yake inafika m'nyuzipepala m'chaka cha 2006, ndipo dziko lapansi linamumva ku Arusha m'chaka cha 2007. Zaka zinayi zinadutsa. Tidzifunse, alangizi anzanga: m'madera amene timapalasamo njinga tsiku ndi tsiku, ndi anyamata ndi atsikana angati otere amene timangowadutsa? Mlimi amene wakonza yekha chopopera mankhwala, mayi amene wasintha kaumbidwe ka mbaula, mmisiri amene wapanga chotong'olera ndi tcheni cha njinga, onsewa ndi aphunzitsi amene wophunzira wa ku koleji ayenera kuwadziwa, ndipo amene angamusonyeze khomo lawo ndife.

CHIKAONONGEKA, AKONZA NDANI?

Pa mafunso onse amene wophunzira ayenera kufunsidwa, lalikulu ndi ili. Chigawo chathu chili ndi mboni ziwiri za pa chitsime.

Mboni yoyamba ndi mjigo wa PlayPump, wochokera ku South Africa, umene unkapopa madzi ana akamasewera pa chozungulira. Pa chithunzi unali wosangalatsa, ndipo m'chaka cha 2006 boma la America ndi mabungwe ena analonjeza madola oposa 16 miliyoni kuti ufalitsidwe. Unaikidwa ku Mozambique, ku Malawi, ku Zambia ndi kwina, nthawi zina pochotsa mjigo wa manja umene unkagwira ntchito. Koma ana sasewera pa nthawi imene madzi akufunika, kotero amayi, ngakhale okalamba, ndiwo ankakankha chozunguliracho. Mtengo wake unali pafupifupi madola 14,000, woposa kangapo wa mjigo wamba, ndipo ukaonongeka mudzi unkadikira miyezi kuti okonza abwere kuchokera kutali. Pofika 2010 ambiri amene anauthandiza anali atavomereza kuti zinthu sizinayende monga ankayembekezera.

Mboni yachiwiri ndi mjigo wa Afridev, umene mizu yake ili ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo unamalizidwa ku Kenya. Amene anaupanga anayambira pa funso la kukonza. Ndodo zake ndi timphira take zimatuluka popanda kuzula mapaipi, kotero anthu a komiti ya mjigo, ataphunzitsidwa masiku ochepa, amatha kusintha mphira ndi sipanala. Zojambula zake n'zaulere kwa aliyense wofuna kuupanga. Lero ndiwo mjigo wodziwika m'midzi ya ku Malawi ndi ku Mozambique, monga momwe ulili mjigo wa Bush ku Zimbabwe, umene Peter Morgan anaukonzanso m'chaka cha 1987. Palibe mlendo amene amaima kuti aujambule, koma madzi akutuluka.

Wophunzira aliyense, asanagule chitsulo choyamba, aone mijigo iwiriyi ndi kusankha mtundu wa mmisiri amene iye afuna kukhala.

ZIMENE MLANGIZI ADZIWA

Tibwerere kwa amayi oswa mtedza aja, kuti tione chimene funso la mlangizi lingasinthe. Wophunzira akauzidwa kuti apange makina oswera mtedza, amayesa chinthu chimodzi: makilogalamu angati pa ola. Akapeza nambala yaikulu amakhoza mayeso. Koma mlangizi wa ku Mchinji kapena ku Chipata adziwa zambiri zimene sizili pa pepala la mayeso.

Adziwa kuti m'mudzi umodzi muli mitundu ingapo ya mtedza: Chalimbana wa maso akuluakulu, CG7 wofiira amene ku Zambia amatchedwa MGV4, ndi mitundu ing'onoing'ono yocha msanga monga Kakoma. Makina a mpata umodzi wosasinthika adzaphwanya waukulu ndi kudutsitsa waung'ono wosaswedwa. Adziwa kuti ogula amatsitsa mtengo wa mtedza wosweka, ndipo mtedza wosupuka khungu sumera bwino ukasungidwira mbeu. Adziwa kuti amayi ena amawaza madzi pa makoko kuti afewe zala zisatupe, ndipo chinyezi chimenecho chimaitana chuku, chimene chimatulutsa poizoni woononga chiwindi, yemweyo amene amachititsa kuti mtedza wathu ukanidwe m'misika ya ku Ulaya. Motero makina oswa mtedza wouma bwino popanda kuuphwanya ndi nkhani ya umoyo wa ana, osati ya liwiro lokha. Adziwanso chinthu china chimene sichinenedwa pa msonkhano: m'madera ambiri mtedza ndi mbeu ya amayi, ndipo kawirikawiri ntchito ikapepuka ndi makina, ndalama n'kuchuluka, abambo amayamba kuiyandikira. Tsono makinawo adzakhala a yani? Adzasungidwa kwa yani? Chogwirira chake chili pa msinkhu wa yani? Ngati kulemera kwake kufuna ngolo, mayi wamasiye adzaubwereka bwanji?

Mafunso amenewa ndiwo amasandutsa mutu wa m'kalasi kukhala ntchito yeniyeni, ndipo amaphatikiza zonse zitatu zimene makoleji amakonda kuzilemba padera: za chikhalidwe cha anthu, za chilengedwe, ndi za luso la makina. M'mudzi zitatuzi zimabwera pamodzi, m'lichero limodzi.

Chimodzimodzi pa nkhokwe. Nankafumbwe wamkulu, amene analowa ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 nafika ku Malawi ndi ku Zambia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amaboola ngakhale mitengo ya nkhokwe. Matumba osalowa mpweya ndi nkhokwe za malata zimamupha pomusowetsa mpweya. Koma mlangizi adziwa kuti thumba limodzi likabooledwa ndi khoswe ntchito yonse yagwa, kuti chimanga choikidwa chisanaume chimaola, ndiponso kuti mabanja ambiri tsopano amasunga chimanga m'nyumba poopa akuba. Wophunzira amene angapeze njira yotsika mtengo yoti mayi adziwire kuti chimanga chake chauma mokwanira, kapena thandala losakwereka ndi makoswe lokwana m'chipinda chogona, wathandiza kuposa wopanga nkhokwe yokongola ya pabwalo.

NANGA ZAMAKONO?

Ophunzira a masiku ano amakopeka ndi mafoni, tindege touluka topanda munthu, ndi mphamvu ya dzuwa, ndipo palibe cholakwa. Ku Kasungu kunatsegulidwa malo oyeserako tindegeti m'chaka cha 2017, ndipo mu Januwale 2020 ku Lilongwe kunayamba sukulu yophunzitsa achinyamata a mu Africa kutipanga ndi kutiulutsa. Mavuto ofuna luso lotere alipo ndithu. Mbozi za ntchemberezandonda za mtundu wachilendo zinafika m'chigawo chathu m'nyengo ya 2016 ndi 2017. Namondwe wa Idai mu Malichi 2019 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola minda ndi milatho. M'chaka cha 2024 chilala chinachititsa maboma a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe kulengeza za ngozi yogwera dziko, ndipo madzi a ku Kariba atatsika, zigayo ndi malo owotcherera zitsulo ku Zambia zinkakhala maola ambiri opanda magetsi.

Koma muyeso ndi womwewo. Pulogalamu ya pa foni ifunsidwe: foni ya pakhomo imagona m'thumba la yani? Ilankhula Chichewa, Chinyanja, Chisena kapena Chishona, kapena Chingerezi chokha? Igwira ntchito kumene netiweki sifika? Ikauza mlimi dzina la matenda, mankhwala ake ali pa sitolo ya pafupi? Pampu ya dzuwa ifunsidwe: ikapsa, mmisiri wa pa msika aitsegula? Alimi khumi akaika mapampu pa dambo limodzi, a kumunsi adzamwa chiyani mu Okutobala? Chida chatsopano sichichotsa mafunso akale.

ZIMENE ENA ANGATSUTSE

Ndikudziwa zimene ena a inu mukunena mumtima. Choyamba, ntchito yatichulukira kale. Ambiri a ife tikutumikira mabanja oposa chikwi, njinga yamoto ilibe mafuta, malipoti akudikira, ndiye tisenzenso mwana wa ku koleji? Dandauloli n'loona. Komatu sindikupempha kuti mlangizi akhale mphunzitsi. Ndikupempha tsamba limodzi la mafunso pa chaka, ndi kumusonyeza wophunzira gulu la alimi limene timakumana nalo kale. Wophunzira amene wakhala m'dera masabata asanu ndi limodzi, akuyeza minda ndi kulemba zokolola, amapeputsa ntchito yathu kuposa kuilemeza.

Chachiwiri, aphunzitsi ena adzati yunivesite si malo osulira makasu, ndipo ntchito yake ndi sayansi yozama. Ndiwayankha mwaulemu kuti kupanga makina oswa mitundu itatu ya mtedza osauphwanya, ndi zitsulo zopezeka pa msika wa Lizulu, pa mtengo umene gulu la amayi lingakwanitse, n'kovuta kuposa kukopera chojambula cha kunja. Malire a ndalama ndi a zipangizo ndiwo amanola nzeru za injiniya.

Chachitatu, adzati chaka cha sukulu n'chachifupi ndipo sichigwirizana ndi nyengo ya ulimi. Izinso n'zoona, koma yankho lake lilipo. Ntchito imodzi ingathe kupatsirana: gulu la chaka chino lipange, la chaka chamawa likayese ndi kukonza, lachitatu liphunzitse amisiri. Pumani sanamalizidwe ndi gulu limodzi. Choipa n'chakuti chaka chilichonse wophunzira watsopano amayambanso chotong'olera chimanga pachiyambi, osadziwa chimene chinapha cha mnzake chogona kuseri kwa nyumba.

TICHITENJI TSONO?

Ndikupereka mfundo zisanu, ndipo palibe imene ifuna ndalama zambiri.

Yoyamba, dera lililonse la zaulimi lilembe mavuto atatu kapena asanu amene alimi, amayi ndi abambo pawokhapawokha, anena kuti akufuna chida kapena njira yatsopano. Lililonse lilembedwe ndi malire ake: ndani adzachigwiritsa ntchito, angalipire zingati, ndi zipangizo zanji zimene zili pafupi. Mndandandawo utumizidwe ku makoleji chaka cha sukulu chisanayambe.

Yachiwiri, wophunzira asajambule kanthu asanagone m'mudzi ndi kugwira yekha ntchito imene afuna kuipeputsa. Aswe mtedza tsiku lathunthu, asenze ndowa, akonole. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.

Yachitatu, mmisiri wa m'deralo, kaya ndi wowotcherera zitsulo, wokhoma zidebe, kalipentala kapena woumba mbiya, akhale m'gulu kuyambira pachiyambi, ndipo dzina lake lilembedwe pa lipoti. Chimene iye sangathe kuchipanga kapena kuchikonza, mudzi sungathe kuchisunga.

Yachinayi, kayesedwe katsate njira ya minda ya mayi ndi mwana, imene inayambira ku Malawi kumapeto kwa zaka za m'ma 1990: chipangizo chimodzi chiyesedwe mosamala pa malo a pakati, ndipo zina zingapo zisiyidwe m'manja mwa alimi kuti azigwiritse ntchito monga afunira, wophunzira palibe. Gawo la malikisi lichokere pa chiweruzo cha alimiwo ndi mlangizi. Ndipo wophunzira amene walemba moona chifukwa chimene alimi anakanira chida chake asalepheretsedwe, pakuti watiphunzitsa chinthu cha mtengo wapatali.

Yachisanu, ndiyo yokhudza ife a m'kalata ino, zotsatira zidutse malire. Bunda ndi Chitedze zili kufupi ndi Msekera ku Chipata. Sukulu ya zaulimi ya UniZambeze ku Ulónguè ili pafupi ndi Dedza. Yunivesite ya Zambia, koleji ya NRDC ku Lusaka, Gwebi ndi Chibero ku Zimbabwe, zonsezi zikuphunzitsa ana a alimi a chimanga, mtedza ndi nyemba zofanana. N'zomvetsa chisoni kuti chotong'olera chimodzi chilephere kanayi m'maiko anayi pa chifukwa chimodzi. Mabungwe olumikiza mayunivesite ndi malo a kafukufuku, monga RUFORUM imene inakhazikitsidwa mu 2004 ndi CCARDESA ya ku Gaborone, angathe kusunga kaundula wa ntchito za ophunzira, zopambana ndi zolephera zomwe, pamodzi ndi zojambula zake, m'zilankhulo zimene amisiri athu amawerenga. Koma tisadikire iwo. Mlangizi wa ku Mchinji ndi mnzake wa ku Chipata amakumana kale pa msika ndi pa maliro. Angathenso kupatsana tsamba la mafunso.

Ana amene ali m'makoleji athu ndi ana a alimi omwewa. Ambiri anakula akupalira, ndipo fizi yawo inachokera ku fodya, ku thonje ndi ku mtedza woswedwa ndi zala za amayi awo. Nzeru ali nazo, ndipo mtima wothandiza ali nawo. Chimene akusowa ndi munthu wowauza vuto lenileni ndi kuwatsogolera ku khomo loyenera. Chaka cha sukulu chikubwerachi chisanayambe, aliyense wa ife akhale pansi ndi gulu limodzi la alimi, alembe mafunso awo, ndi kuwatumiza ku koleji imene ili pafupi naye. Akapanda kuyankhidwa, alembenso chaka chinacho.